Matenda a celiac ndi magulu othandizana: mafunso amene timafunsidwa kuno ku Mulanje

Ndife mabanja ochepa, ena a cha ku Chitakale, ena a ku Nkando ndi ku Limbuli, amene m'nyumba mwathu muli munthu wosadya tirigu chifukwa cha matenda a celiac. Ine amene ndalemba ndine mayi wa mtsikana yemwe anapezeka nawo ali sitandade 3. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza, pafoni, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi munthu akaona mwana akukana sikono yomwe wamugulira mwachifundo.

Kodi celiac ndi matenda anji?

Ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo a mwini wake, munthuyo akadya gluten. Gluten ndi puloteni wopezeka mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina yotchedwa rye. Ndi amene amachititsa kuti fulawa wokanda wa mandasi azinanda n'kumatamuka ukamukoka.

M'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosongoka, ngati ubweya wa thawulo, timene timayamwa chakudya n'kuchilowetsa m'magazi. Kwa munthu wa celiac, gluten akafika pamenepo timinofuto timafota mpaka m'matumbomo mumasalala. Munthu amadya ndithu, mwina kuposa anzake, koma chakudyacho chimangodutsa.

Sapatsirana. Muthabe kumwera naye chikho chimodzi.

Si matenda a azungu amenewa?

Funso ili ndimalimva kuposa onse, ndipo nthawi zina limatuluka m'kamwa mwa anthu ovala yunifomu. Padziko lonse amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 ali nawo, ndipo ambiri sadziwa. Zoona, anayamba kufotokozedwa ku Ulaya. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti pa njala ya 1944 mpaka 1945, buledi atasowa, ana ake odwala m'mimba anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso matenda anabwereranso. Analemba zimenezi mu 1950.

Koma chiwerengero china chokwera kwambiri chinapezeka mu Africa muno. Mu 1999 Carlo Catassi ndi anzake anafalitsa zoti mwa ana a mtundu wa Saharawi amene anawayeza, okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, 5.6 peresenti anali ndi celiac. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali buledi.

Agogo athu ankafisula ndi chinangwa, mbatata kapena mkute, choncho ngakhale wobadwa ndi chibadwa cha matendawa akanatha kukalamba osadziwa. Lero mwana amanyamula mandasi popita kusukulu, othyola tiyi kuesiteti amagula sikono pamalipiro, ndipo chipinda chodyera chilichonse pa Chitakale chili ndi obama pa kauntala. Tirigu watipeza.

Mwana wanga mimba ndi yotupa ndipo sakukwera sikelo. Ndi celiac?

Mwina, koma nthawi zambiri ayi. Njoka zam'mimba, malungo obwerezabwereza, madzi oipa, kuperewera kwa chakudya, TB ndi HIV zimabweretsa zizindikiro zomwezi, ndipo n'zimene zachuluka kuno. Achipatala akayamba ndi zimenezo sanalakwe.

Muyambe kuganizira za celiac pamene zonsezo zayezedwa, mankhwala amwedwa, chakudya chilipo pakhomo, koma mwana akungotsegulabe m'mimba, chimbudzi chake chotuwa, chonunkha kwambiri ndi chamafuta, matako ofota, wosachedwa kulira, wopinimbira poyerekeza ndi anzake. Wathu anapatsidwa mankhwala a njoka kanayi m'chaka chimodzi pachipatala china chaching'ono. Apongozi anga anati ndi tsempho, ndipo tinakambirana nkhani zowawa m'banja zomwe sizinali zoona n'komwe.

Kwa akuluakulu matendawa amabisala. Ena satsegula m'mimba ngakhale pang'ono. Amangokhala ochepa magazi chaka ndi chaka ngakhale akumwa mapiritsi owonjezera magazi, otopatopa, a zilonda zam'kamwa zosatherapo, a mafupa ofooka. Amayi ena amapita padera mobwereza kapena kuvutika kuima. Ena amatuluka timatuza toyabwa koopsa m'zigongono, m'mawondo ndi m'matako.

Amayeza bwanji, ndipo kuti?

Poyamba ndi magazi. Dzina la kuyezako ndi tTG-IgA. Lilembeni pakapepala mukaonetse adokotala, ndipo nthawi yomweyo ayezenso kuchuluka kwa IgA yense (IgA ndi mtundu wina wa asilikali a chitetezo cha m'thupi), chifukwa anthu ena mwachibadwa ali naye wochepa ndipo zotsatira zimanama kuti alibe matenda. Magazi akasonyeza, chotsatira ndi kulowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukamwa mpaka m'matumbo, n'kutapako kachidutswa kakang'ono kokaunika.

Yambirani pachipatala chanu, kaya cha boma pa Mulanje kapena Mulanje Mission; a ku Thyolo ali ndi chipatala cha boma ndi Malamulo ku Makwasa. Pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a zam'mimba kapena a ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kapaipi kaja amalowetsa. Ife magazi anakatengedwa ku Blantyre, tinalipira, ndipo zotsatira tinadikira masabata angapo. Msewu wa Midima tinauloweza pamtima chaka chimenecho. Nyamulani kabuku ka kuchipatala ndi khadi la kusikelo, chifukwa mzere wa kulemera kwa mwana umalankhula bwino kuposa mayi wotopa.

Bwanji ndingosiya buledi ndione ngati ndichira?

Musatero musanayezedwe. Mukasiya gluten, magazi amabwerera mwakale ndipo matumbo amayamba kupola, ndiye poyeza sapeza kanthu ngakhale matenda alipo. Amene anasiya kale amauzidwa kuti ayambirenso kudya tirigu tsiku lililonse kwa masabata pafupifupi 6 asanayezedwe, ndipo masabata amenewo ndi owawa kwa munthu yemwe anali atayamba kupeza bwino.

Palinso chifukwa china. Kusala tirigu kwa moyo wonse si nkhani yamasewera, ndipo munthu amene sanatsimikiziridwe amagonja pa ukwati woyamba womwe pali keke.

Mankhwala ake ndi ati?

Palibe piritsi, jakisoni kapena mtengo wochiza celiac. Chithandizo n'kusiya gluten kotheratu, moyo wonse. Ambiri amamva kusintha pakangotha masabata ochepa. Matumbo a ana amapola m'miyezi, a akuluakulu atha kutenga zaka ziwiri kapena kuposa. Adokotala angakupatseni owonjezera magazi, folic acid, vitamini B12, vitamini D kapena calcium pobwezeretsa zomwe thupi linataya. Ena poyamba mkaka umawatsegula m'mimba, koma izi kawirikawiri zimatha matumbo akapola.

Ndiye tizidya chiyani?

Apa ndi pamene ife a kuno tili ndi mwayi woposa anthu a ku London. Nsima ilibe gluten, kaya ya ufa woyera, ya mgaiwa, ya gramil, ya mapira kapena mtandaza wa makaka. Mpunga, mbatata, mbatatesi, chinangwa, zilazi, nthochi zophika, maungu, mawere, zonsezi n'zabwino. Nandolo, nyemba, khobwe, nzama, kalongonda wophika bwino monga mwa nthawi zonse, nsinjiro, usipa, matemba, mazira, nyama, chisoso, nkhwani, therere, zinanazi za ku Mulanje kuno, mapeyala, zonse idyani mosaopa. Munthu wa ku Ulaya amagula buledi wapadera wodula kuti alowe m'malo mwa chakudya chake chenicheni. Ife chakudya chathu chenicheni sichinatilakwire.

Zoletsedwa ndi zonse za fulawa: buledi, sikono, mandasi, madonasi, samusa, chapati, mabisiketi, keke, supageti, ndi timanudozi ta m'mapaketi tomwe ana amakonda.

Pakatikati pali zofunika kufunsa. Zitumbuwa ndi chigumu mwamwambo ndi za ufa wa chimanga ndi nthochi, koma ogulitsa ena amathirako fulawa kuti zifewe ndi kufufuma. Zigege amaziviika mu fulawa. Nsomba ndi nkhuku zokazinga ena amazigubuduza mu fulawa. Msuzi wa m'malo odyera ena amaulimbitsa ndi fulawa kapena ufa wa supu wa m'paketi. Safunsa anadya phula.

Kachidutswa kokha, kamupha?

Awa anali mawu a agogo ake a mwana wanga, atanyema kasikono n'kumupatsa kuseri kwa nyumba. Sikamupha lero. Koma nyenyeswa zochepa zimakwana kudzutsa chitetezo chija, ndipo matumbo amawonongeka ngakhale munthu asamve kupweteka. Muyezo wa padziko lonse lapansi umati chakudya chitchedwe chopanda gluten pokhapokha ngati gluten sakupitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Ndi kochepa kosaoneka ndi maso.

Choncho vuto lalikulu si mbale ya nsima koma zipangizo. Pachiwaya, ngati mafuta omwewo akazingira zigege kenako chipisi, chipisicho sichabwinonso. Kunyumba, sefa yosefera fulawa isasefe ufa wa nsima. Mpeni wodulira buledi usalowe m'chitini cha majarini kapena chiponde chomwe wodwala amadyako. Ife tili ndi zitini ziwiri, china chomangidwa kansalu kofiira. Mthiko ndi chipande zamtengo zimasunga fulawa m'ming'alu. Mapoto ndi mbale, kutsuka bwino ndi sopo n'kokwanira.

Agogo aja sitinawagonjetse ndi mtsutso. Tinangowapempha kuti ndiwo aziphikira mdzukulu wawo chigumu cha mgaiwa ndi nthochi Loweruka lililonse. Lero ndi iwo amene amakalipira alendo: "Musam'patse zimenezo mdzukulu wanga, m'mimba mwake simufuna fulawa."

Kodi pali mabungwe othandiza anthu a celiac?

Alipo ambiri, ndipo akuluakulu ali kunja. Coeliac UK ya ku Britain inayamba mu 1968. Ili ndi magulu m'madera, nambala yoimbira pofunsa malangizo, mndandanda wa zakudya zoyenera, ndipo imapereka ndalama za kafukufuku. Ku Italy kuli Associazione Italiana Celiachia, ya 1979, ndipo kumeneko boma limapatsa odwala thandizo la mwezi ndi mwezi logulira zakudya zopanda gluten. Ku America kuli Celiac Disease Foundation, yomwe inayamba mu 1990, komanso Beyond Celiac. Mabungwe a ku Ulaya anapanga mgwirizano wawo mu 1988, wotchedwa AOECS, ndipo ndiwo amapereka chilolezo choika papaketi chizindikiro cha ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere. Tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse ndi 16 Meyi.

Chosangalatsa n'chakuti ambiri mwa mabungwewa anayambitsidwa ndi odwala eniake ndi makolo, osati maboma.

Bungwe la ku Britain lingandithandize chiyani ine ndili ku Chonde?

Chidziwitso, basi, koma chidziwitso chodalirika. Masamba awo a pa intaneti amafotokoza za kuyeza, za amayi oyembekezera, za ana, za matenda a shuga, ndipo zambiri amawerenga aliyense kwaulere. Mwa ife, amene amamva bwino Chingerezi amawerenga n'kudzatifotokozera. Ine ndinasindikiza tsamba limodzi lonena za kuyeza magazi n'kupita nalo kuchipatala, ndipo linafupikitsa nkhani.

Zomwe sangachite muzidziwiretu. Satumiza ndalama kapena ufa kwa munthu payekha kuno. Mindandanda yawo ndi ya katundu wa m'masitolo a kwawo. Maphikidwe awo amafuna zinthu zomwe ngakhale ku Limbe simungazipeze. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene angakuuzeni kuti mayi uti pamsika wa Nkando amakazinga zitumbuwa m'mafuta akeake osasakaniza ndi mandasi. Chimenecho amadziwa ndi mnzanu wa pafupi.

Chenjeraninso ndi magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Ena ndi abwino. Ena muli amalonda. Wina anatigulitsa botolo la "mankhwala otsuka m'matumbo" ponena kuti mwana akamaliza adzadyanso buledi. Ndalama ya feteleza inapita, ndipo mwana anadwala sabata yathunthu titamuyesa ndi sikono imodzi. Aliyense wolonjeza kuti achiza celiac akufuna thumba lanu.

Nanga gulu lanu limachita chiyani mukakumana?

Si bungwe la ofesi ndi galimoto ayi. Timakumana kamodzi pamwezi pakhonde la mmodzi wa ife, mosinthana. Aliyense amabwera ndi chophika chake ndiponso mapaketi opanda kanthu a zomwe wagula mwezi umenewo, ndiye timawerengera limodzi zolembedwapo. Wina akamapita ku Blantyre timamutuma, n'kugawana mtengo wa ulendo. Timagayitsa pamodzi mpunga, mapira ndi makaka. Ufa wa mpunga wosakaniza ndi wa chinangwa, dzira ndi nthochi yakupsa umatulutsa tizikondamoyo tomwe mwana amanyamula kusukulu osachita manyazi. Tilinso ndi kathumba, ngati ka banki m'khonde, kothandiza amene akupita kukayezetsa.

Koma chachikulu chimachitika tikatha kudya. Bambo wina, wogwira ntchito kuesiteti ya tiyi, anakhala miyezi itatu akungomvetsera. Tsiku lina anati, "Amayi, ine kuntchito amati ndine wonyada chifukwa ndimakana buledi wa anzanga. Ena amati ndili ndi kachilombo ndikubisa." Panalibe amene anamupatsa malangizo. Mayi wina anangoti, "Achimwene, ifenso anatinena zomwezo," n'kumuwonjezera tiyi. Mwezi wotsatira anabwera ndi akazi awo.

Nzeru yokumana chonchi sitinaitenge kunja. Tinaionera kwa anzathu a magulu a HIV, monga a NAPHAM, ndi a matenda a shuga, omwe anatsegula njira imeneyi kalekale m'maboma a Mulanje ndi Thyolo.

Tingayambitse bwanji gulu kwathu?

Mabanja awiri ndi gulu kale. Uzani adokotala kapena anamwino amene amakuonani kuti akapeza wina wa vuto lomweli amupatse nambala yanu, ngati iyeyo afuna. Dziwitsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi amfumu. Pemphani wa zakadyedwe wa pachipatala cha boma adzakuyendereni ngakhale kamodzi, kuti zomwe mukuphunzitsana zikhale zoona.

Gwirizanani zinthu ziwiri poyambirira: za munthu sizituluka pakhondepo, ndipo pagulu sipogulitsira mankhwala. Za kulembetsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kukhonsolo muziganize mukakula ndi kufuna akaunti ya kubanki. Ndaonapo magulu ena akuyamba ndi kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kutha asanaphike ndi phala lomwe.

Papaketi ndiziyang'ana mawu ati?

Pa katundu wolembedwa m'Chingerezi, kanani chilichonse cholembedwa wheat (tirigu), barley (balere), rye, malt (chimera cha balere), semolina (ufa wa tirigu) kapena gluten. Oats amakhala atasakanikirana ndi tirigu pokolola ndi pogaya, choncho asiyeni pokhapokha atalembedwa gluten free. Onetsetsani masoya pisi, soseji, poloni, timakyubu ndi ufa wokometsera ndiwo, soy sauce, maswiti ena ndi zakumwa za ufa zothira mu mkaka. Ma cornflakes ambiri, ngakhale ndi a chimanga, amathiramo malt wa balere.

Ife a kumalire tili ndi ntchito ina. Katundu wambiri pa Limbuli ndi pa Muloza amachokera ku Mozambique ndipo amalembedwa m'Chipwitikizi. Lowezani mawu awa: trigo ndi tirigu, cevada ndi balere, centeio ndi rye, aveia ndi oats. Contém glúten ndiye kuti alimo. Sem glúten kapena não contém glúten ndiye kuti mulibe. Zopimidwa m'timapepala topanda dzina zisiyeni. Ndipo werenganinso ngakhale paketi yomwe munaizolowera, chifukwa makampani amasintha zosakaniza mwakachetechete.

Thobwa, maheu ndi mowa?

Thobwa la ufa wa chimanga ndi chimera cha mawere, mapira kapena chimanga lilibe vuto. Maheu a m'botolo werengani kaye, chifukwa ena amathiramo fulawa kapena malt. Mowa wa m'mabotolo monga Carlsberg amafulira balere, choncho ndi woletsedwa, pamodzi ndi zakumwa zosaledzeretsa za malt.

Mgonero wa Ambuye nditani nawo?

Kambiranani ndi abusa kapena ansembe musanafike patebulo. Mu mpingo wa Katolika lamulo limati mkate wa Ukaristia ukhale wa tirigu, choncho wopandiratu gluten saloledwa. Koma wa gluten wochepa kwambiri amaloledwa, ndipo munthu atha kulandira vinyo yekha, m'chikho chomwe simunanyemeredwe mkate. Mipingo ina ilibe lamulo lotere, ndipo abusa ambiri amavomera kuti mubwere ndi kamkate kanu ka ufa wa mpunga, kokulunga pakokha kuti kasakhudzane ndi kena.

Kusukulu, kumaliro ndi kuukwati?

Phala la kusukulu, monga la Mary's Meals, ndi la chimanga ndi soya. Likuni Phala nayenso chimodzimodzi, ndipo chiponde cha kuchipatala ndi cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafuta. Onani thumba lake kuti mutsimikize, monga tafotokozera pa funso la mapaketi. Choopsa ndi nthawi yopuma, pamene ana amagawana mandasi. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake, ndipo mwanayo mum'phunzitse kuyankha yekha mwaulemu: "Zikomo, koma fulawa amandidwalitsa." Wopita kusukulu yogonera atenge kalata ya adokotala, ndipo inu mukalankhule ndi ophika enieniwo, osati ahedi okha.

Kumaliro sikuvuta: nsima, nyemba, kabichi. Ingofunsani amayi a kukhitchini ngati athira zokometsera za m'paketi. Kuukwati idyani mpunga ndi ndiwo zomwe mwafunsa, keke muombere m'manja basi. Ine ndimanyamula mbatata yootcha m'chikwama kulikonse, ndipo anzanga anasiya kundiseka.

Abale ena m'banjamo ayezedwenso?

Inde. Matendawa amayenda m'magazi a banja, ndipo mwa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo, ena opanda chizindikiro chilichonse. Ana a shuga wa mtundu woyamba, wobaya insulin uja, anthu a matenda ena a chithokomiro ndi ana a Down syndrome nawonso ali pachiopsezo chokwera. Lamulo ndi lomwe lija: asasiye tirigu asanayezedwe. Kwathu tinayezetsa anthu anayi, ndipo anapezeka nawo ndi bambo ake a mwanayo, omwe kwa zaka 20 ankati ali ndi zilonda zam'mimba n'kumafisula ndi tiyi wamkaka ndi masikono awiri kuti m'mimba muzizire.